Chikho chikutipusitsa, ligi ikufa ndi njala

Abale anga a m'gulu lino, sabata ino ndabwera ndi mkangano, ndipo amene akufuna kundiyankha ayambiretu kunola mapensulo. Nkhani yake ndi ya basketball, makamaka matimu ang'onoang'ono aja amene osewera ake salandira malipiro, anthu odzuka m'mawa kupita ku ntchito kapena ku kalasi, madzulo n'kuthamangira ku bwalo. Mfundo yanga ndi imodzi yokha: chikondi chathu pa zikho za masiku awiri chikupha ligi, ndipo ligi ikafa basketball ya m'dziko muno idzatsala ya pa zithunzi za pa Facebook basi.

Ndikudziwa kuti ena mwakwinya kale nkhope. Mukuti basketball ndi masewera a ana a mabwana, a ku Area 10 ndi ku Namiwawa, ndiye ife zikutikhudza pati? Pitani Loweruka lina pa Blantyre Youth Centre, kapena pa bwalo lililonse la simenti la kuseri kwa sukulu ya sekondale, mukayang'ane kumapazi. Nsapato zambiri ndi za pa kaunjika, zina zamatidwa ndi guluu kawiri katatu. Amene wavala nsapatozo wina ndi mphunzitsi wa pulayimale, wina amagulitsa mafoni m'tauni, wina ali Fomu 3, wina anamaliza koleji chaka chatha ndipo ntchito akuisakabe. Anthu amenewa amachotsa ndalama m'thumba kuti asewere, pamene a mpira wa miyendo a mu ligi yaikulu amalandira kangachepe akasewera. Ngati pali masewera amene anthu wamba akuwasenza pamutu okha, ndi amenewa.

Pa pepala dongosolo lilipo, ndipo si loipa. Pamwamba pali Basketball Association of Malawi, imene ambiri amangoti BASMAL. Pansi pake pali ligi za m'zigawo: Sozobal kummwera, Cezobal pakati, Nozobal kumpoto. Ochita bwino m'zigawo amakakumana kuti papezeke katswiri wa dziko lonse. Vuto lili pa zimene timu yaing'ono imadutsamo kuti ifike kumapeto kwa sizoni ili ndi moyo, ndi amene amaiona ikudutsamo.

Tiyeni tiwerengetse. Ligi ya matimu 10, aliyense kukumana ndi mnzake kawiri, ndiye kuti timu iliyonse ili ndi magemu 18, ligi yonse magemu 90. Gemu iliyonse imafuna oyimbira osachepera awiri. Imafuna anthu a pa tebulo, wolemba zigoli ndi mafaulo, wosunga nthawi. Imafuna bwalo, ndipo mabwalo abwino ambiri ali ndi eni ake amene amafuna kenakake. Imafuna kuti anthu ofika 12 achoke ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, kapena ku Kawale ndi ku Area 25, akafike pa bwalo nthawi yake, akamwe madzi, abwerere kwawo. Zonsezi kuchulukitsa ka 18. Kwa timu yopanda kampani kumbuyo kwake, ndalama zake zimachokera ku zopereka za osewera eni ake ndi m'thumba la munthu mmodzi wamisala ya mpira amene anayambitsa timuyo. Amene munakhalapo m'gulu la WhatsApp la timu yotere mukuudziwa uthenga wa Lachinayi madzulo uja: "Anyamata, ya thiransipoti ija tisaiwale." Onse awerenga. Woyankha palibe. Msungichuma amangotumizanso, ulendo uno ndi kachithunzi ka manja opemphera.

Zokonzekera nazo ndi nkhondo ina. Kuno dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko, nthawi yozizira limafulumira kuposa pamenepo. Munthu waweruka 5 koloko, walimbana ndi minibasi, wafika pa bwalo kwatsala kuwala kwa mphindi zowerengeka, ndipo mabwalo ambiri alibe magetsi. Mvula ikayamba, simenti imaterera ngati pathiridwa therere, ndiye mumangokhala pakhonde kudikira kuti iume. Simenti yomweyo ikauma imadya mabondo pang'onopang'ono, ndipo wosewera akabinya phazi, chipatala ndi chake, mankhwala ndi ake.

Matimu otere safera kumayambiriro kwa sizoni. Poyamba aliyense ali ndi moto, majezi ndi ochapa, mphunzitsi akulankhula za ukatswiri. Amafera pakati, gemu ya 9 kapena ya 10, timu itagonja kanayi motsatizana, mwezi uli pakati, mafuta akusowa ndipo minibasi zakweza mtengo. Pamenepo ndi pamene mumamva mawu oopsa aja akuti walkover. Malamulo a FIBA amati timu ikapanda kufika ndi osewera asanu okonzeka pakatha mphindi 15 kuchokera nthawi yoyambira, yagonja 20-0. Tangoganizani timu imene yafikayo. Yasonkha, yakwera, yatenthetsa thupi, oyimbira awalipira, kenako ikuuzidwa kuti yapambana 20-0 popanda kuponya mpira ngakhale kamodzi. Pa tebulo la ligi alemba kuti yapata mapointi. Zoona zake n'zakuti yaberedwa Loweruka lathunthu ndi ndalama zake, ndipo sabata yamawa ena mwa anyamata ake aganiza kawiri asanasonkhe. Walkover imapha matimu awiri nthawi imodzi, yosabwerayo ndi yobwerayo.

Ndiye kumabwera chikho.

Ha! Bwalo lomwe lija lasesedwa, mizere yapakidwa penti yatsopano, neti yoyera yapachikidwa pa chitsulo chimene chakhala chamaliseche miyezi isanu. Tenti yaimikidwa, mipando ya pulasitiki yandandalikidwa, DJ akugwedeza dera lonse. Mlendo wolemekezeka, amene sadziwa kusiyana kwa faulo ndi travelling, wavala kapu ya kampani, akuponya mpira woyamba, waphonya, tonse tikuomba m'manja. Lamulungu madzulo pakutuluka cheke chachikulu ngati chitseko, kaputeni akuchigwira mbali ina, bwana mbali ina, makamera akuthwanima. Lolemba zithunzi zili ponseponse ndipo tonse tikulemba kuti basketball ikukula m'Malawi. Chikomekome cha mkuyu, abale anga. Tsegulani muone nyerere.

Chikho cha matimu 16 chochotsana chili ndi magemu 15 okha. Matimu 8, theka lenileni, amasewera gemu imodzi n'kubwerera. Ngakhale okonza atayamba ndi magulu kuti aliyense alaweko kawiri katatu, kuti zonse zikwane m'masiku awiri pamafunika kudula. Gemu yeniyeni ya FIBA ili ndi makota anayi a mphindi 10, ndipo wotchi imaima nthawi iliyonse wezulo akalira. Pa zikho zothamanga kawirikawiri makota amafupikitsidwa kapena wotchi imangoyenda osaima, ndipo timu yofika kumapeto imasewera magemu angapo tsiku limodzi pa simenti yotentha. Wopambana pamenepo nthawi zambiri ndi amene ali ndi miyendo yambiri yosinthira. Ndipo miyendo yambiriyo imachokera kuti? Apa ndi pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene pali chilonda.

Imachokera ku aganyu. Chikho chikalengezedwa ndipo ndalama yake yamveka, mafoni amayamba kulira. Wosewera wamtali uja amene sanaoneke chiyambireni sizoni, akuti watanganidwa ndi ntchito, mwadzidzidzi nthawi waipeza. Wina akuchokera ku timu ya chigawo china, wabwera ndi basi ya usiku. Wina ali pa tchuthi kuchokera kunja. Onse akupatsidwa majezi. Majeziwo ndi 12 okha, ndiye aliyense wolowa pali wina amene akuvulidwa. Wovulidwayo ndi ndani? Ndi mnyamata wa Fomu 3 uja. Amene sanajombe tsiku limodzi la zokonzekera. Amene anasesa madzi pa bwalo mvula itagwa, anasunga ndalama ya chakudya cha pa buleki kuti asonkhe ya thiransipoti, anaima pamzere ngati wachisanu tsiku limene timu ikanagonja 20-0 chifukwa akuluakulu sanabwere. Tsiku lokhalo limene kuli tenti, nyimbo ndi makamera, limene mayi ake mwina akanabwera kudzaona, iye wakhala kunja atanyamula chigubu cha madzi.

Mwana ameneyo waphunzira phunziro, ndipo walimvetsa bwino kuposa la masamu. Waphunzira kuti kukhulupirika kulibe malipiro, kuti ligi ndi ya opusa, kuti wanzeru amadikira chikho. Akadzakula ndipo akadzadziwa kusewera, naye adzakhala waganyu. Akapanda kudziwa msanga, asiya. Mwa njira ziwiri zonsezi timu yataya munthu. Kenako ife tomwe timadabwa kuti bwanji matimu amabadwa ndi mayina okongola chaka chino, chaka chamawa osamvekanso.

Tsono ndimve mbali inayo, chifukwa ilipo ndipo si ya anthu opusa. Ena mukuti chikho ndi mwayi wa wamng'ono. Mukuloza ku mpira wa miyendo, ku FDH Bank Cup ndi Castel Challenge Cup, kumene timu ya m'boma imatha kukumana ndi Bullets kapena Wanderers, dziko lonse n'kudziwa dzina lake. Kumeneko n'zoona, ndipo n'zokoma. Koma mpira wa miyendo uli ndi chifundo pa wofooka chimene basketball ilibe. Ku miyendo timu yaing'ono ikhoza kupeza chigoli chimodzi cha mwayi, onse 11 n'kubwerera kumbuyo, goloboyi n'kumagona pansi ngati wakomoka, mpaka mphindi 90 zitatha. Ku basketball lamulo limakukaniza kubisala. Ukagwira mpira uli ndi masekondi 24 kuti uponye, ndi masekondi 8 okha kuti uwoloke pakati pa bwalo. Mpira umasinthana manja kambirimbiri pa gemu imodzi, ndipo ukasinthana kochuluka chonchi mwayi umatha mphamvu, luso ndi limene limatsala. Timu yaing'ono ikakumana ndi chimphona pa chikho, kawirikawiri imangolandira chikwapu cha mapointi 40 n'kukwera minibasi. Sinaphunzire kanthu chifukwa sidzakumananso ndi chimphonacho kuti iyese zina. Mu ligi imakumana nacho kawiri. Ulendo woyamba yagonja ndi 40, wachiwiri ndi 18, ndipo kusiyana kumeneko ndiye kukula kumene tikunena.

Basketball ndi masewera a chizolowezi. Anthu asanu pa bwalo la mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi, palibe pobisala, aliyense amatchinga ndipo aliyense amaponya. Kuti ndidziwe kuti mnzanga ndikamutchingira mdani athawira kumanzere kapena kumanja, kuti amakonda kulandira mpira pachifuwa kapena wogunda pansi, kuti akatopa amayamba kuchita mafaulo ndiye ndimuthandize asanafike pa asanu n'kutulutsidwa, zimenezi sizibwera ndi luso la munthu mmodzi. Zimabwera ndi Loweruka pambuyo pa Loweruka. Oyimbira nawo chimodzimodzi: woyimbira amapsa ndi magemu 90 aja, kutukwanidwa, kulakwitsa, kukonza. Wa pa tebulo chimodzimodzi. Mphunzitsi amaphunzira kusintha osewera pa nthawi yake chifukwa anaonapo gemu ikumupulumuka m'manja mu kota yachinayi. Zonsezi fakitale yake ndi ligi. Chikho chimangobwera kudzagula zopangidwa kale, ndipo sichilipira mtengo wake.

Onani kumene masewerawa anabadwira. James Naismith anawayambitsa mu 1891 ku Springfield, Massachusetts, ndipo lero ligi ya NBA ndi imene anyamata athu amagonera mochedwa kuti aione. Kumeneko timu iliyonse imasewera magemu 82 isanafike ku ma playoff, ndipo ku ma playoff sakhulupirira gemu imodzi, amafuna upambane kanayi mwa magemu asanu ndi awiri. Chikho cha pakati pa sizoni anachiyambitsa posachedwapa, mu 2023, ligi itakhala zaka zoposa 70 popanda icho, ndipo anachikonza mwakuti magemu ake onse, kupatula lomaliza, amawerengedwanso mu ligi. Anthu a ndalama zosayamba aja anaopa kuti chikho chingadye ligi. Ife a zopereka za Lachinayi ndi amene tikuimitsa ligi sabata ziwiri zitatu kuti chikho chidutse.

Ena mukuti: ndalama ndi za kampani, iwe ndiwe ndani kuti uiuze pozithira? Wopempha sasankha. Ndamva. Koma kampani sibwera kudzapereka mphatso yachifundo, imabwera kudzagula maso a anthu, ndipo ine ndikuti ikugula zodula. Masiku awiri a phokoso, Lachitatu aliyense waiwala. Yerekezani ndi TNM, imene inaika dzina lake pa Super League ya mpira wa miyendo kwa zaka zambirimbiri, mpaka mwana wa ku Nsanje ndi wa ku Chitipa ankalitchula sabata iliyonse osadziwa kuti akutsatsa malonda. Dzina limalowa m'mutu ndi kubwerezabwereza, monga momwe mpira umalowera m'manja. Ndipo sikuti makampani a kuno sadziwa basketball. National Bank of Malawi yakhala ikuika ndalama mu mpikisano wa Mo626 wa ophunzira a m'makoleji, ndipo amene anaonerapo akudziwa mmene ana a sukulu amadzazira mabwalo. Zabwino kwambiri. Funso langa ndi lakuti mnyamata kapena mtsikana amene wawala pa mpikisano umenewo, akavala gauni n'kutuluka pa geti la koleji ali ndi zaka 23, msinkhu umene wosewera amayamba kupsa, akupita kukasewera kuti? Akupita ku kalabu ya m'tauni ija, ya msungichuma wa manja opemphera. Tikuthirira mbande ku nazale, munda wokaziwokera tausiya uli thengo.

Komabe kampani sindiyipatsa mlandu waukulu. Imagula chimene yagulitsidwa. Mlandu uli ndi amene amalemba makalata opempha thandizo, akuluakulu a m'makomiti, chifukwa chikho n'chosavuta kugulitsa ndiponso n'chosavuta kuyendetsa. Masiku awiri, bwalo limodzi, chithunzi ndi bwana, lipoti latha. Ligi ndi ntchito yotopetsa: kukonza ndandanda ya magemu, kuimbira foni oyimbira Lachisanu usiku, kuthetsa madandaulo, kutsatira mapepala a zigoli, miyezi ndi miyezi popanda wokuombera m'manja. Munthu amene anafuna mpando kuti azioneka amasankha chikho. Ndipo eni matimu nawo asabisale kumbuyo kwa komiti. Amene amaimbira foni aganyu si komiti ayi. Ndi mwini timu yemweyo amene amadandaula kuti ana a masiku ano alibe chikondi pa jezi, iye atangomaliza kuivula mwana n'kuipereka kwa mlendo wa basi ya usiku.

Matimu a amayi ndi atsikana ndiye amalipira kawiri. Kumene matimu ndi ochepa, imodzi ikagwa ligi yonse imatsimphina, otsalawo amangokumana okhaokha mpaka kutopana. Pa chikho magemu awo kawirikawiri amaikidwa m'mawa, mipando isanadzaze, DJ akuyesa kaye zingwe. Dziko lomwe lino limene ma Queens a netball analidziwitsa ku mayiko akutali lili ndi atsikana amtali, othamanga, a manja odziwa mpira. Mtsikana wotere akafuna basketball amafunika malo oti azipita sabata iliyonse, odziwika, oti kholo lingavomere. Kholo silingamvetse masewera amene amachitika katatu pa chaka.

Pali amene anditchulire Bravehearts ya ku Lilongwe, kuti taona, zikuyenda. Inde, ndipo chipewa ndavula. Timu imene a Griffin Kalua anayambitsa yanyamula ukatswiri wa dziko kangapo, yaimira Malawi mu Road to BAL, mpikisano wolowera mu Basketball Africa League imene NBA ndi FIBA anayambitsa ndipo inaseweredwa koyamba ku Kigali mu 2021. Mu 2024 inafika mu ndime ya Elite 16 ku Nairobi. Koma yang'anitsitsani chimene chinaimanga. Ndi zokonzekera za tsiku ndi tsiku, matimu a ana ndi a atsikana, kuthandiza osewera ndi sukulu, ntchito ya chaka chonse. Chitsanzo chimenechi chikuikira umboni mbali yanga. Ndipo katswiri aliyense amafunika anzake a kunyumba omuvutitsa. Ngati magemu ovuta ukuwapeza pokhapokha wadutsa malire a dziko, ukafika kumeneko liwiro la gemu limakudabwitsa, chifukwa miyezi yonse unkapambana usanatuluke thukuta. Mpeni umanoledwa ndi mwala, osati ndi nsima.

Angola yatenga AfroBasket koposa ka 10, ndipo Petro de Luanda inatenga BAL mu 2024. Kumbuyo kwake kuli ligi ya kwawo kumene Petro ndi Primeiro de Agosto akhala akudyana kwa zaka makumi angapo. Anansi athu a ku Mozambique, oti malire tikugawana, atumizapo Ferroviário de Maputo ndi Ferroviário da Beira ku BAL, ndipo timu ya amayi ya Ferroviário de Maputo inakhala katswiri wa makalabu a mu Africa mu 2018 ndi 2019. Palibe mwa amenewa amene anamangidwa ndi tenti ya Loweruka ndi Lamulungu.

South Sudan nayo imatchulidwa kwambiri ndi anthu ofuna kutitonthoza. Akuti dziko lobadwa mu 2011, losauka, lopanda mabwalo a pansi pa denga, linafika ku Olympics ya ku Paris mu 2024, linagonjetsa Puerto Rico, ndipo masiku ochepa m'mbuyo mwake ku London linagonja ndi America ndi pointi imodzi yokha, 101-100. Zonsezo n'zoona, ndipo Luol Deng anachita zazikulu, mpaka kuthira ndalama zake. Koma osewera aja ambiri anakulira ku Australia ndi ku America, ana a anthu othawa nkhondo, ndipo anapsa m'maligi a sukulu, a makoleji ndi a makalabu a kumeneko. Ligi inawaphika ndithu, kungoti inali ya eni ake. Ife tilibe khamu lotere la ana amtali ku Melbourne loti tiliyitane. Athu ali ku Chinsapo, ku Zolozolo, ku Chinamwali, ndipo mphika wawo ndi womwe tikuusiya pamoto wozima uwu.

Nyumba tili nayo tsopano, Griffin Saenda Indoor Sports Complex ku Lilongwe, imene inamangidwa pokonzekera masewera a achinyamata a Region 5 a mu Disembala 2022. Ndi chinthu chonyaditsa. Koma nayonso taonani mmene inabwerera: chifukwa cha mwambo wa masiku owerengeka, alendo akubwera. Ndi matenda omwewo pa msinkhu wa boma, kusesa pakhomo chifukwa kukubwera apongozi. Nyumba imodzi ku likulu sisintha kanthu kwa timu ya ku Mzuzu kapena ku Zomba imene ikungofuna mababu anayi pa bwalo lake kuti izitha kukonzekera mpaka 7 koloko.

Sindikunena kuti zikho zithe. Phwando ndi labwino, ndipo wosewera amene wavutika chaka chonse ayenera kukhala ndi tsiku lovina. Chimene ndikukana ndi phwando lodyera mbewu. Lamulo limodzi lokha likhoza kusintha zambiri, ndipo silifuna tambala: wosewera asaloledwe pa chikho ngati sanasewere theka la magemu a timu yake mu ligi. Mapepala a zigoli alipo, mayina amalembedwa gemu iliyonse, kuwerenga n'kosavuta. Tsiku limene lamuloli lidzagwire ntchito, wamtali wotanganidwa uja adzayamba kupezeka Loweruka wamba, ndipo wa Fomu 3 adzavala jezi yake pamaso pa mayi ake. Timu imene yapereka ma walkover angapo mu ligi nayo isalowe chikho. Eni matimu adzalira, adzati mukuchepetsa kukoma kwa mpikisano, bwana wa kampani akufuna kuona ma dunk. Alire. Walira mvula walira matope.

Za ndalama, ndikanakhala wolemba kalata yopempha thandizo, cheke chachikulu ngati chitseko chija ndikanachidula pakati. Theka likhale mphoto, anthu ajambulitse. Theka linalo lilipire oyimbira ndi a pa tebulo sizoni yonse, ndipo lotsala lithandize thiransipoti ya matimu a kutali. Mphoto imapita kwa timu imodzi, kawirikawiri yomwe ili kale ndi kanthu. Malipiro a oyimbira amapepukitsa matimu onse 10 nthawi imodzi, ndipo dzina la kampani likhoza kukhala pamsana pa woyimbira aliyense magemu 90. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpira ndi nsapato zonse ndi zochokera kunja, ndiye musayembekezere kuti zopereka za mphunzitsi wa pulayimale zipitiriza kunyamula mtolo umene zinkanyamula kale.

Mlandu womaliza ndi wathu, ife a m'gulu lino amene timadzitcha olemba. Bullets ikagonja timalemba ndime khumi, ndakatulo, mpaka maliro. Ndani mwa ife analembapo za gemu ya ligi ya basketball ya pakati pa sizoni, yoonera anthu 30, theka lawo osewera a gemu yotsatira? Funsani amene anali katswiri wa chigawo chanu zaka 10 zapitazo, amene anaponya mapointi ambiri, muone mmene anthu akanganirane kuchokera m'mutu, chifukwa mapepala a zigoli anathera m'katoni ya munthu wina amene anasamuka. Kampani ikafunsa kuti ligi yanuyo amaitsatira ndani, komiti ilibe choonetsa kupatula zithunzi za chikho, ndiye kampani igulanso chikho. Ndandanda ya magemu a chigawo chanu imapezeka mukafunsa wosewera aliyense, ndipo mabwalo ambiri polowa salipiritsa. Pitani ndi kope ndi cholembera, mukhale pafupi ndi tebulo, mulembe mayina a asanu amene ayamba gemu ndi a amene akhala pa benchi. Chikho chikadzafika mudzatengenso kope lomwelo, mudzawerenge kuti mwa mayina aja ndi angati avala jezi.